Khosi ndi makutu sizinapole bwino pambuyo pa facelift, ndibwerere akandikonzenso?

Mayi wa ku Chelstone: Mwaswera bwanji amayi anzanga. Kuyambira dzulo ndakhala ndikulemba nkufufuta koma lero ndangoti basi ndilembe poti muno tilimo tokhatokha. Mwezi wa Juni ndinapita kunja kukachita opaleshoni yokoka khungu la nkhope ndi la khosi, ija amati facelift ndi neck lift. Ndili ndi zaka 54. Atandipeza ndi shuga ndinasintha kadyedwe nkutsika makilo 19, thupi linapepuka inde koma khungu la pakhosi linangolendewera mpaka ndinasiya kujambulitsa, ku kitchen party ya mwana wanga weniweni ndinali kubisala kumbuyo kwa anthu. Ndalama ndinasonkha za chilimba ndi zina ndinakongola ku village banking. Manje papita miyezi 4 ndipo zinthu sizili bwino. Kuseri kwa khutu lakumanzere chipsera chatupa, chalimba ngati chingwe ndipo chimayabwa usiku osagona. Kansonga ka khutu pamene timavala ndolo kakokekera pansi nkumatirira ku tsaya, ndolo sindivalanso. Ndikaseka mlomo wam'munsi umakhotera mbali imodzi. Pansi pa chibwano pakati palowa ngati dzenje ndipo m'mbali mwake mwaima mizere iwiri. Ndinawalembera a kuchipatalako pa WhatsApp ndi zithunzi zomwe, ayankha kuti ndibwere Disembala isanafike andikonzenso ulele, ine ndingolipira tikiti, hotelo ndi mankhwala ogonetsa. Ndipite kodi? Chonde amene mukudziwa ndithandizeni, musandiseke, mtima wanga ndi wosweka kale.

Asisi a ku Kabwata: Iyee pepani mwandi. Palibe wokusekani muno. Ine za chipatala sinidziwa bwino koma mawu oti bwerani Disembala isanafike sananikondweletse, afulumira chani? Dikirani abwere ba nurse athu.

Wa ku Chawama: Koma amayi anzanga tiyeni tizinena zoona, Mulungu anatilenga bwino, ukalamba si matenda. Ndalama zonsezo mukanamangira kanyumba ka lendi. Ine ndingoti pempherani musabwerereko.

Admin: Amayi a ku Chawama, mnzathu wabwera kudzapempha thandizo pa bala limene lilipo kale, sanabwere kudzafunsa ngati analakwa. Madzi akatayika saoleka. Amene ali ndi thandizo alembe, amene alibe awerenge chabe. Ndipo ndikumbutse, sikirinishoti yotuluka muno ndikaiona kwina ndichotsa munthu tsiku lomwelo.

Wa ku Chawama: Ndamva ba admin, pepani amayi, sindimafuna kukupwetekani.

Nesi wopuma ntchito: Ndafika ana anga, ndinali ku maliro ku Kanyama. Amayi a ku Chelstone pepani kwambiri. Ine ndagwira ntchito ku fiyeta zaka zambiri ndisanapume, si dokotala ayi ndipo sindingakupimeni pa foni, koma ndikuuzani zimene ndikudziwa. Choyamba ndifunse: pali paliponse pamene pakutuluka mafinya kapena madzi? Mukumva kutentha thupi? Pali pamene khungu lada bii ngati lapsa? Diso limatsekeka bwinobwino, nsidze zonse ziwiri zimakwera? Shuga yanu ikuyenda bwanji masiku ano? Ndipo musandibisire, mumasuta fodya, shisha kapena nsunko?

Mayi wa ku Chelstone: Zikomo amayi. Mafinya palibe, thupi silitentha, maso ali bwino ndi nsidze zomwe. Khutu lakumanzere lokha ndi limene lili ndi dzanzi, ndikagwira ngati si langa. Shuga m'mawa imakhala cha m'ma 7 kapena 8, ndimamwa metformin. Fodya sindinasutepo.

Nesi wopuma ntchito: Chabwino, ndiye palibe chothamangira ku ndege. Mvetserani. Pa miyezi 4 nkhope ikadali kupola mkati ngakhale kunja kukuoneka kuti kwauma. Madokotala a ntchito imeneyi nthawi zambiri sakhudzanso nkhope isanathe miyezi 6, ndipo ambiri amakonda chaka chathunthu, chifukwa kutupa kumatenga nthawi kuti kuphwe, zipsera zamkati zimakhala zolimba, ndipo timitsempha ta magazi timene tinadulidwa pokweza khungu timakhala tisanamere bwino. Ukalikwezanso khungu lomwelo msanga likhoza kusowa magazi nkufa, makamaka kuseri kwa khutu kumene ndi kopyapyala komanso kokokedwa kwambiri. Munthu wa shuga ndiye kwambiri. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba, si ngati telala kusokanso chitenje ayi, poyamba dokotala amapeza zonse zili m'malo mwake, kachiwiri amapeza zipsera zamatirira ndipo ma neva sakhala poonekera bwino, khungu lotsala nalo ndi lochepa chifukwa lina analidula kale nkutaya.

Za mlomo. Pali ka neva kamene kamadutsa m'munsi mwa nsagwada kukayendetsa mlomo wam'munsi, amakatcha marginal mandibular. Kakakokedwa kapena kuwawuka ndi kamakina kotsekera magazi kamagona, ndiye ukaseka mbali imodzi imatsika ina osatsika. Nthawi zambiri kamadzuka kokha pakati pa miyezi 3 ndi 6, ena kupitirirako. Mpeni sungakadzutse, ukhoza kungokapweteka kawiri. Dzanzi la khutu ndi neva ina, great auricular, imeneyo ndi imene imapwetekeka kawirikawiri pa facelift kuposa zonse, nayo imabwerera pang'onopang'ono ngati sinadukiretu.

Mayi wa ku Chelstone: Mlomowo kunena zoona wasinthako. Mwezi woyamba ndikamwa tiyi amadontha, pano sadontha, umangokhota ndikaseka kwambiri.

Nesi wopuma ntchito: Mwaona, ndiye kuti ikudzuka imeneyo. Muzidzijambula kavidiyo sabata iliyonse mukunena "iii" mano onse poyera, malo omwewo kuwala komweko, mudzamuonetse dokotala. Pagalasi tsiku ndi tsiku simungaone kusintha, mumangodzivutitsa mtima.

Wa saluni ku Kamwala: Ine nilankhuleko monga munthu wogwira mitu ya anthu daily. Bazimai bambiri muno mu Lusaka banachita izi kuposa mmene muganizira, ise timaona tikamatsuka tsitsi, mzere umayamba pamwamba pa khutu, kutsika kutsogolo, kuzungulira kansonga nkukwera kuseri kulowa mu tsitsi. Sitikamba chabe. Chimene naona ine, amene amafulumira kuluka zolimba kapena kumata wigi ndi guluu pamzere pomwepo ndi amene chipsera chimakula ndipo tsitsi la kutsogolo kwa khutu limathothoka osameranso. Amayi osaluka zokoka manje, osaika relaxer pafupi ndi chipsera, duku yofewa yakwana. Ndipo draya yotentha samalani nayo poti khutu lili ndi dzanzi mungapse osamva, ninaonapo kasitoma anapsa khutu mpaka matuza iye ali phee kuwerenga foni.

Asisi a ku Kabwata: Ya draya iyo sinaganizepo, zoona.

Wa ku famase: Ndiwonjezere pa chipsera. Pali mitundu iwiri imene anthu amasokoneza. China chimatupa koma chimakhala mu mzere wa bala momwemo, amati hypertrophic scar, chimenecho chimayamba kuphwa chokha pakapita chaka kapena chaka ndi theka. China ndi keloid, chimadumpha malire a bala nkumakulirakulira pakhungu labwino, ndipo ife akhungu lakuda timachita kwambiri kuposa azungu, makamaka pakhutu, pachifuwa ndi pamapewa. Amayi kumbukirani, pamene munaboola makutu, kapena pa katemera wa paphewa, kapena ngati munabereka ndi opaleshoni, panatupapo? Kwanu alipo amene ali nazo? Chifukwa ngati ndi keloid, kungochidula chokha nthawi zambiri chimabweranso ndipo chimabwera chachikulu kuposa poyamba. Thandizo loyamba si mpeni, ndi jekeseni wa triamcinolone, ambiri amamudziwa kuti Kenacort, dokotala amabaya mkati mwa chipseramo pakapita masabata 4 mpaka 6 aliwonse, kuyabwa kumachepa ndipo chimafewa. Kuphatikiza silicone, ya gel kapena ya kapepala komata, maola osachepera 12 pa tsiku kwa miyezi ingapo osadumphitsa. Zonsezi zimatheka kuno konkuno osakwera ndege.

Koma chonde chonde musagule jekeseniyo nkupatsa neba wanu kuti akubayeni. Akabaya kwambiri kapena pambali khungu limayera mbee ndi kulowa mkati, pa ife zimaonekera patali. Apite kwa dokotala wa khungu kapena wa plastic surgery.

Mayi wa ku Chelstone: Pa opaleshoni ya mwana wanga womaliza chipsera chinatupa ndithu kwa zaka ziwiri kenaka chinaphwa. Mng'ono wanga ndiye ali ndi chotupa pakhutu pamene anaboola kachiwiri. Kumene ndinapitako sanandifunse zimenezi ayi, tinangokambirana pa vidiyo mphindi zochepa, dokotala weniweniyo ndinamuona m'mawa wa tsiku la opaleshoni.

Wa ku famase: Funso limenelo linayenera kukhala loyambirira. Mukapita kwa dokotala wa kuno mukanene zonse ziwirizi, zanu ndi za mng'ono wanu.

Anti a ku Woodlands: Ndakhala chete kuwerenga, manja akunjenjemera. Mwana wanga wa ku Chelstone, ine ndine munthu amene ndinabwerera msanga, ndiye ndikuuze mmene zinandithera. Sindinauzepo gulu lililonse, amadziwa ndi amuna anga ndi mwana wanga wamkazi basi. Ndinachita nkhope ndi khosi zaka zitatu zapitazo. Patatha miyezi 5 ndinaona mbali imodzi ya tsaya yagwako kuposa inzake ndipo makutu onse awiri anakokeka ngati ako. Ndinalira, ndinakakamiza, ndinawalembera tsiku ndi tsiku mpaka anati bwerani. Sanandikanize, ndipo mpaka lero ndimati akanandikaniza. Chimene sindinawauze nchoti ndimagwiritsa nsunko kuyambira kale, ndinkaona ngati si fodya weniweni poti sindisuta utsi, komanso manyazi, mzimayi wa mpingo unganene bwanji. Anafunsa kuti do you smoke ndinati ayi. Tsiku lachinayi pambuyo pa opaleshoni yachiwiri khungu la kuseri kwa khutu linayamba kuda, lachisanu ndi chiwiri linali lakuda ngati khala kukula kwake ngati zala ziwiri. Linafa. Ndinabwerera ku Lusaka ndi bala lotseguka, ndinatsukitsa bala limenelo pafupifupi miyezi itatu, nesi kubwera kunyumba, ine kunama kuti ndili ndi chithupsa. Linapola koma linasiya chipsera chachikulu chosalala pamene tsitsi silimera, ndipo khutu limene ndinapitira kukakonzetsa linakokeka kuposa kale. Dokotala wa kuno amene anandithandiza anandiuza mosabisa kuti chikonga cha mu nsunko chimafinya timitsempha ta magazi chimodzimodzi ndi ndudu, ndipo khungu lokwezedwa kawiri pa miyezi yochepa silikanapirira. Anandidikiritsa chaka ndi miyezi iwiri, ndinasiya nsunko, kenaka anakonza makutu onse ndili maso, jekeseni wa dzanzi chabe, ola limodzi ndi pang'ono ndinali kunyumba. Ndolo ndimavala tsopano. Chipsera chachikulu chija ndiye ndidzapita nacho kumanda. Usapite mwana wanga, dikira.

Mayi wa ku Chelstone: Anti ndalira powerenga. Zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yanu. Ndiye khutu likhoza kukonzedwa popanda kutsegula nkhope yonse?

Anti a ku Woodlands: Langa anatero. Lako akaone dokotala ndi maso ake, koma usavomere kugonetsedwa maola ambiri chifukwa cha kansonga ka khutu usanamve maganizo a dokotala wina.

Nesi wopuma ntchito: Anti mwachita bwino kunena za nsunko, atsikana ambiri sadziwa. Ndudu, shisha, vape, nsunko, ngakhale tizigamba tomata tosiyitsa fodya, zonse zili ndi chikonga. Madokotala amati usiye masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike ndi enanso 4 pambuyo pake. Khutu lokokekalo lili ndi dzina, amati pixie ear, limachitika khungu likadulidwa lambiri nkusokedwa mokoka, kulemera konse kwa tsaya nkupachikidwa pa khutu mmalo mopachikidwa pa minofu yamkati imene amaitcha SMAS. Nchifukwa chakenso chipsera chimatupa, bala losokedwa mokoka silipola mwaulemu.

Tsopano za khosi, apa ndiye pofunika kuleza mtima kwambiri. Dzenje la pansi pa chibwano nthawi zina limabwera akachotsa mafuta ambiri pakati nkusiya m'mbali, madokotala amati cobra neck chifukwa limaoneka ngati khosi la njoka ya cobra itafutukula. Mizere iwiriyo ndi m'mphepete mwa mnofu wopyapyala wa pakhosi wotchedwa platysma, mafuta akachoka umaonekera, kapena ulusi umene anaulumikiza nawo pakati wamasuka. Koma pa miyezi 4 zina mwa zimenezi zikhoza kukhala kutupa ndi kulimba kwa mkati chabe. Enanso amaona timibulu tiwiri pansi pa nsagwada nkumaopa kuti ndi khansa pamene ndi tiziwalo topanga malovu timene tinali tobisika ndi mafuta kale, komabe chotupa chilichonse dokotala achigwire. Zikakhala kuti sizinasinthe chaka chitatha, njira zilipo: kusokanso mnofuwo pakati, kutenga mafuta pamimba nkudzaza padzenjepo, kapena Botox yofewetsa mizereyo imene imagwira miyezi 3 kapena 4 kenaka umabayitsanso. Si zonse zofuna fiyeta yaikulu.

Amake mapasa a ku Matero: Ine funso langa nilakuti nanga zoopsa zimene sufunika kudikira ni ziti? Chifukwa apa tonse tikuti dikirani dikirani, wina azawerenga azadikira na chinthu chomupha. Mulamu wanga mwamuna anachita khosi ku Joburg, ni munthu wa BP, usiku woyamba mbali imodzi inatupa mwamsanga ngati mpira, kuwawa koopsa, kupuma kunayamba kuvuta. Mwayi anali akali mu wodi, anamuthamangitsa ku fiyeta usiku womwewo kukachotsa magazi. Akanakhala ku lodge sinidziwa.

Nesi wopuma ntchito: Funso labwino amake mapasa. Chimene chinawachitikira alamu anucho ndi hematoma, magazi kuunjikana pansi pa khungu, ndilo vuto limene limachitika kawirikawiri pa opaleshoni imeneyi ndipo nthawi zambiri ndi m'maola 24 oyamba. Azibambo amachita kwambiri chifukwa khungu la ndevu lili ndi magazi ambiri, a BP yosatsika nawonso, ndi amene amamwa aspirin, Brufen, diclofenac kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi osanena. Ngakhale ma supplement awa, fish oil, vitamin E, ginkgo, mapilitsi a adyo, nenani zonse. Kusanza ndi kutsokomola mwamphamvu kumayambitsanso. Ndiye mbali imodzi ikatupa mwadzidzidzi nkulimba ndi ululu wokulirakulira, kupuma kapena kumeza kukavuta, khungu likayamba kuda kapena kuchita matuza, mafinya ndi kutentha thupi, diso likakana kutsekeka, kapena mwatsika ndege mwendo umodzi watupa kapena chifuwa chikubaya ndi befu, pamenepo palibe za WhatsApp, thamangani ku casualty, UTH kapena Levy Mwanawasa kapena chipatala chilichonse chapafupi, ndipo mukanene zoona kuti munachita opaleshoni yanji, liti. Manyazi anapha lambe. Ambirife tikukumbuka mkazi wa amene anali pulezidenti wa Nigeria nthawi imeneyo, Stella Obasanjo, anamwalira mu 2005 ku Spain pambuyo pa opaleshoni yochotsa mafuta, munthu woti ndalama ndi madokotala sizinali vuto. Opaleshoni yokongoletsa ndi opaleshoni basi.

Za amayi a ku Chelstone sizili m'gulu limeneli, nchifukwa chake ndikuti asathamange.

Wa ku Joburg: Moni kumudzi. Ine ndili kuno zaka 11, ndaperekezapo anthu angapo ochokera ku Zambia ndi ku Malawi. Ulele umene akukuuzaniwo muuwerengere bwino: tikiti, hotelo ya masabata awiri chifukwa simuyenera kukwera ndege masiku oyambirira, wokuperekezani, mankhwala ogonetsa, kenaka chikavuta muli ku Chelstone iwo ali kutsidya la nyanja akuyankha ndi ka emoji. Komanso funsani, adzakonze ndi dokotala yemwe uja kapena wina? Akonza chani kwenikweni, alembe chimodzichimodzi. Ndipo muwapemphe lipoti la opaleshoni yoyamba, operation notes, kuti anadula pati, anakweza khungu lokha kapena ndi SMAS yomwe, anachotsa mafuta pansi pa mnofu kapena pamwamba, anasiya ulusi wosasungunuka kapena ayi. Ndi ufulu wanu. Dokotala aliyense wodzakukonzani adzafuna pepala limenelo. Zithunzi zanu za poyamba musafufute ngakhale zimakuwawani kuziona.

Kuno dokotala mumamufufuza ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, ngati analembetsedwa ngati plastic surgeon weniweni, palinso bungwe lawo la APRASSA. Kwathuko ndi Health Professions Council of Zambia. Mawu oti cosmetic doctor kapena aesthetic pa Instagram sakutanthauza kuti munthu anaphunzira opaleshoni imeneyi. Ndipo konzekani mtima, dokotala wina akamakonza ntchito ya mnzake mtengo umakhala wokwera, inshuwalansi zambiri sizilipira za kukongoletsa.

Asisi a ku Kabwata: Nanga NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ija, siingathandize olo pa jekeseni ya chipsera? Poti keloid ni matenda.

Wa ku famase: Akafunse pa desiki pomwepo akapita, asangoganiza. Chinanso ndinaiwala, ndipo ndikunena mwaulemu kwa tonse: mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa ma kilimu amenewa muli steroid yamphamvu ngati clobetasol kapena betamethasone, imapyapyalitsa khungu ndipo bala silipola msanga, ena muli hydroquinone imene ukaigwiritsa zaka zambiri imasiya zigamba zakuda zosachoka. Wina akhoza kuona chipsera chada nkuganiza zopakapo kilimu kuti chiyere, ayi ndithu. Chimodzi mwa zimene zimadetsa chipsera ndi dzuwa, ndiye ndi dzuwa la Okutobala lino sunscreen ya SPF 30 kupita m'mwamba, chipewa kapena ambulera. Ndipo ngati munapakapo mafuta amenewa muuzeni dokotala.

Mayi wa ku Chelstone: Ndinapakapo zaka za kumbuyo koma ndinasiya kalekale. Ndikanena. Chimene chikundivuta kwambiri amayi ndi kunyumba. Amuna anga sanafune kuti ndipite, pano sanena kanthu koma kusanena kwawoko kumandipweteka kuposa kukalipa. Ku tchalitchi ndimamanga duku mpaka m'makutu, kutentha konseku. Apongozi anafunsa ngati ndinachita sitiroko chifukwa cha mlomo. Nchifukwa chake ndimafuna zithe msanga Khirisimasi isanafike, abale onse a ku Katete akubwera.

Anti a ku Woodlands: Ndi mtima womwewo umene unandikweza ndege ine, ndinkafuna zithe ukwati wa mwana wa mchemwali wanga usanafike. Ukapita Novembala, pa Khirisimasi udzakhala wotupa ndi mabandeji kuposa lero. Amuna ako akhazike pansi uwaonetse zimene anthu alemba muno, upite nawo kwa dokotala amve okha. Anga anasintha tsiku limene analowa nane m'chipinda cha dokotala, kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankandipaka mankhwala kuseri kwa khutu poti ine sindinkaonako.

Wa ku Chawama: Amayi ine ndinayamba molakwika paja. Ngati mufuna wokuperekezani kuchipatala ine Lachinayi ndimakhala free, nditumizireni ku inbox.

Amake mapasa a ku Matero: Nanga keloid ikakana jekeseni amachita bwanji?

Nesi wopuma ntchito: Amaphatikiza njira. Ena amasakaniza jekeseni ija ndi mankhwala ena otchedwa 5-FU, ena amadula kenaka nkuyamba jekeseni msanga ndi ndolo zapadera zofinya pachipserapo, ndipo zovutitsitsa amadula nkuwotcha ndi radiotherapy yochepa tsiku lomwelo kapena lotsatira kuti isamerenso. Koma tisafike kutali, cha amayiwa mwina si keloid nkomwe poti cha pamimba chinaphwa chokha. Amayi, shuga ndiyo ntchito yanu yaikulu miyezi ikubwerayi, mukayezetse HbA1c ija yoonetsa mmene shuga yayendera miyezi itatu, BP nayo, ndipo sikelo ikhazikike, musatsikenso kapena kukwera kwambiri chifukwa khungu limatsatira thupi.

Mayi wa ku Chelstone: Amayi ndabweranso patatha masabata awiri kudzakuuzani. Ndinapita kwa dokotala wa plastic surgery konkuno, amuna anga anandiperekeza ndipo amayi a ku Chawama anatidikira panja mpaka tinatuluka, Mulungu akudalitseni. Anandiona pafupifupi ola lathunthu, anagwira paliponse, anaona mavidiyo a mlomo. Akuti chipsera chikadali mu mzere wake ndiye akuchiyesa hypertrophic koma achiyang'anira chifukwa cha mbiri ya mng'ono wanga, anandibaya jekeseni woyamba tsiku lomwelo, amawawa zedi sindinama, koma usiku wachitatu ndinagona osakanda. Silicone ndayamba. Mlomo akuti ukubwerera tiupatse nthawi. Khutu adzakonza ndili maso koma osati Juni wa chaka chamawa asanafike. Za khosi sanandilonjeze, anati dzenjelo mwina lidzafuna mafuta, mwina silidzatheratu, tidzaona likafewa, pamenepo ndinalira pang'ono koma bola wandiuza zoona. A kunja aja ndawalembera kuti sindibwera chaka chino ndipo anditumizire lipoti la opaleshoni, ayankha kuti afunsa ku ofesi, ndikudikira.

Wa ku Joburg: Muwalembere pa imelo osati WhatsApp yokha, ndipo muzikumbutsa sabata iliyonse mpaka atumize.

Wa saluni ku Kamwala: Mukafuna kukonza tsitsi ya Khirisimasi nilembeleni, nizabwera kunyumba, pali kametedwe kamene kamaphimba makutu popanda kukoka olo guluu.

Anti a ku Woodlands: Jekeseni wachiwiri ndi liti? Undiuze tsiku, ndidzakutenga ndi galimoto, pobwerera khutu limakhala likuwawa sungafune za minibasi.

Mayi wa ku Chelstone: Pa 28 Novembala anti, 9 koloko m'mawa. Ndakutumizirani nambala ku inbox.